Mithunzi ya pa Chiwindi cha Akazi Anga

Ku Mongue nkhaniyi imanenedwa mokhota, ndipo popeza ndine amene ndinanyamula zithunzizo m'chikwama kuchokera ku Blantyre mpaka pakhomo, ndili ndi ufulu woiwongola. Amati makina a kuchipatala anaonetsa munthu atabisala m'mimba mwa akazi anga. Ena amawonjezera kuti munthuyo anali ndi nkhope yanga. Pamsika ndinamvapo mayi wina wogulitsa nyemba akulumbira kuti makinawo anazima okha atangoiona mfitiyo. Zonsezi ndi zabodza. Makina sanazime, m'mimbamo munalibe munthu, ndipo nkhope yanga inali pamalo pake, kunja kwa chitseko, pamene ndinakhala pabenchi nditanyamula nsapato za akazi anga. Chimene chinatuluka chinali chithunzi choipa cha chiwindi. Chithunzi choipa si chozizwitsa ayi. Ndi ntchito imene iyenera kubwerezedwa.

Ndiyambe ndi malo, pakuti nkhaniyi singamveke popanda kudziwa kuti nthaka ndi ya yani. Ine ndine mkamwini. Pamene timakhala ndi pa makolo a akazi anga, ndipo mwini mbumba ndi mlongo wawo wamng'ono, alamu anga. Titabwerera kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi tinapeza mapulusa ndi mtengo wa mango, basi. Tinazika nyumba ya udzu, ine n'kubwerera kusukulu kukaphunzitsa pansi pa mtengo. Anthu amene sanaone zimenezi amaganiza kuti kumanganso ndi ntchito ya chaka chimodzi kapena ziwiri. Ife zinatitengera zaka zochuluka. Njerwa tinaumba ndi kuwotcha tokha, makoma n'kukwera pang'onopang'ono, ndipo malata ndinkagula limodzilimodzi malipiro akabwera, n'kumawaimika m'chipinda chamkati. Anali atatsala pang'ono kukwana pamene akazi anga anayamba kumva kupweteka pansi pa nthiti, mbali ya kumanja.

Anawonda, chakudya chinkawakanika, ndipo ankatopa ngakhale posesa pabwalo. Kuchipatala cha kuno anawapaka mafuta pamimba n'kuyendetsapo kachipangizo kounikira, ndipo anaona chotupa pachiwindi. Koma sanathe kunena ngati chinali khansa kapena china chake. Anatipatsa giya, pepala lotumizira wodwala kwina, natiuza kuti makina oyenera ali kutali. Kwa ife a kumalire, Blantyre ali pafupi kuposa mizinda ikuluikulu ya dziko lathu lomwe. Ndinagulitsa malata aja, tinakwera chapa, galimoto yonyamula anthu ya kwathu kuno, mpaka ku Milange, n'kuwoloka.

Dokotala amene tinamupeza anali mayi wa msinkhu wa mwana wathu woyamba, ndipo ndinamulemekeza chifukwa sanadule mawu pofotokoza. Anati makinawo, amene iwo amawatchula MRI, ndi maginito aakulu, ndipo amajambula zithunzi za mitundumitundu. Chimene iye ankachifunitsitsa chinali chithunzi choona mmene madzi amayendera m'kati mwa mnofu.

"Bambo, mwabwera pa chapa?" anandifunsa.

"Pa chapa, pa njinga, ndi pa minibasi," ndinatero.

"Ndiye mukudziwa. Chotupa choipa chili ngati minibasi yodzaza: madzi amapanikizika, sangasunthe. Chotupa chosaopsa chili ngati bwalo, madzi amayenda momasuka. Makinawa amaona kusiyana kumeneko. Koma popeza akuyeza kusuntha kwakung'ono kwambiri, kusuntha kwakukulu kumawasokoneza. Chiwindi chimakwera ndi kutsika munthu akamapuma. Amayiwa akauzidwa kuti agwire mpweya, agwiredi."

Akazi anga anali asanadye kanthu chiyambire m'mawa, monga anatilamulira. Anavula ndolo, duku, ndi pini imene inagwira chitenje, pakuti chitsulo sichiloledwa m'chipindamo. Anawagoneka pakabedi kopapatiza, kabediko n'kulowa nawo m'chibowo. Ine ndinatsala panja. Phokoso limene linkatuluka m'menemo linali la chigayo chimene chameza mwala.

Zithunzi zitatuluka, dokotala anaziyang'anitsitsa. Kenaka anandionetsa. M'mphepete mwa chiwindi, mmene munayenera kukhala mzere umodzi, munali mizere ingapo yotsatana, wina kuseri kwa unzake, ngati mithunzi ya munthu woima pakati pa nyali zambiri. Chotupa chenichenicho chinali chopakika ngati inki imene yagwera madzi.

"Apa sindingawerengepo kanthu," anatero. "Ndikanena kuti ndi khansa ndinama, ndikanena kuti si khansa ndinamanso."

Bambo woyendetsa makina, munthu wotopa amene anali ndi mzere wautali wa odwala, anati, "Amayiwa akulephera kugwira mpweya. Mwina matendawa awafooketsa."

Dokotala anatipezera tsiku lina, masabata angapo kutsogolo, natichenjeza kuti tikaliphonya, kapena chithunzi chikaipanso, sadzatha kutipezera malo kachitatu. Ndinapempha zithunzi zoipazo. Ndinali nditazilipira, ndipo chinthu chimene ndalipira sindichisiya m'manja mwa eni sitolo.

Kunyumba tinapeza abale atasonkhana. Alamu anga anatenga chithunzi chimodzi, nachikweza kudzuwa, n'kuyamba kuloza mizere ija ndi chikhadabo.

"Alamu, uyu ndani?"

"Ameneyo si ndani. Ndi m'mphepete mwa chiwindi."

"Nanga uyu wabisala kumbuyo kwakeyu?"

"Ndi m'mphepete momwemo. Chiwindi chinasuntha pojambula."

"Chinasuntha chokha?" Anatembenukira kwa anthu. "Mwamva a Purofesoro? Akuti chiwindi chikuyenda chokha m'mimba mwa achemwali anga, ndipo iwo sakuonapo chachilendo."

Anthu anaseka, ena n'kugwira pakamwa. Alamu anagamula kuti awatenga achemwali awo kupita nawo kwa mneneri wina wa ku Molumbo. Kumeneko odwala amakhala m'misasa mpaka mneneriyo atawamasula, kaya ndi mwezi kaya ndi chaka, ndipo mankhwala a kuchipatala amasiyidwa pachipata. Ndinati tsiku la ku Blantyre lidzadutsa. Anayankha kuti lidutse.

"Inu munabwera kudzakwatira," anatero. "Magazi ndi athu. Ndiponso munthu akamanga nyumba ya njerwa pa nthaka ya eni, mkazi n'kuyamba kuwonda, ife timadabwa."

Sindinakweze mawu. Ndinawalanda chithunzicho, ndinachipukuta pamene panadetsedwa ndi chala chawo, n'kuchibwezera m'chikwama. Ndinati akazi anga adzapita ku Blantyre pa tsiku lake. Mkamwini sayankhula chotero pamaso pa mbumba, ndipo ndinkadziwa. Alamu anati ayamba akonza za ulendo, adzabwera kudzawatenga.

Chimene chinkandivuta m'mutu chinali mawu a woyendetsa makina uja. Akazi anga amaimba m'kwaya ya amayi, ndipo ngakhale atadwala chotero ankakoka mawu omaliza a nyimbo mpaka anzawo onse atagonja. Munthu wotere angalephere bwanji kugwira mpweya kanthawi kochepa? Ndinawafunsa, iwo nati anachita zonse zimene anauzidwa. Sindinakhutire. Pa ntchito yanga ndinaphunzira kuti mwana akati wamvetsa, umamupatsa choko kuti alembe pabolodi.

Masana ena ndinayala mphasa pakhonde, ndinawapempha kuti agone chagada, n'kuika mbale yadothi yodzaza madzi pamimba pawo.

"Izinso ndiye ziti, bambo?"

"Ine ndine woyendetsa makina. Chitani monga munachitira kuja. Kokani mpweya. Gwirani."

"Ndagwira, bambo."

Madzi anagwedezeka mpaka kutayikira pachitenje.

"Mayi, kodi kujanso munkayankha?"

"Nanga ndikanatani? Munthu akuyankhula nane m'makutu mwenimweni, ine ndingoti duu ngati chitsa?"

"Nthawi iliyonse?"

"Nthawi iliyonse. Akati kokani, ndimati chabwino. Akati gwirani, ndimati ndagwira. Akati musasunthe, ndimati sindisuntha. Pena ankakhala chete nthawi yaitali, ndiye ndinkafunsa ngati akadalipo."

Mithunzi ya alamu anga inali imeneyo. Mzere uliwonse pa chithunzi chija unali ulemu wa akazi anga.

"Tiyeserenso," ndinatero. "Ulendo uno musayankhe."

"Chabwino."

"Ndati musayankhe."

"Ndamva."

"Mayi!"

"Wawa?"

Ndinakhala pansi. Iwo anachotsa mbale ija, nadzuka, n'kundiyang'ana ndi maso amene sindinawaone kawirikawiri.

"Inu mukuyesa ndi uchitsiru," anatero. "Mwaiwala kumsasa? Poitana maina pa tsiku la ufa, wosayankha msanga ankagona ndi njala pamodzi ndi ana ake. Mwaiwala tisanathawe, amfuti akaitana ali m'mphepete mwa munda? Mayi anga anandiuza kuti aliyense wamphamvu akakuitana, yankha asanamalize. Ine ndili moyo chifukwa choyankha. Lero mukuti ndikhale chete kuti ndikhale moyo?"

Sindinaiwale chilichonse. Ndinaima m'mizere yomweyo, ndipo mpaka lero munthu wa yunifolomu akatsokomola pafupi nane, pakamwa panga pamatseguka pokha. Ndinawauza kuti zimene ananenazo n'zoona, koma makina aja sadziwa nkhondo, sadziwa ulemu, amangodziwa madzi.

Kenaka anati, "Ndiziwasunga mayankhowo. Akamaliza ndidzampatsa onse pamodzi. Koma kumumana, ayi."

Tinagwirizana chotero, ndipo tinayamba sukulu. Masana alionse, dzuwa likapendeka, mphasa pakhonde, mbale pamimba. Panatsala lata limodzi lopindika limene wogula analikana; ndinkalimenya ndi mtengo kuti azolowere phokoso. Ndinkawatchera misampha. Ndinkati, "Gwirani," kenaka n'kufunsa mofatsa kuti, "Mwamva?" Ankagwa. Ndinkasintha mawu kukhala a mkulu wa mpingo, ankagwa. Tsiku lina ndinakuwa kuti mbuzi zalowa m'munda wa nyemba, ndipo anadzuka ndi mbale yomwe, madzi onse n'kuthera pa buluku langa.

"Mwaona? Mulungu salola bodza," anatero akuseka mpaka kugwira m'nthiti.

Anthu odutsa panjira ankaima. Ankaona mkamwini akumenya lata, mkazi wodwala ali chagada, mbale ya madzi pamimba. Sindifunika kunena zimene anakauza anzawo. Mayi wina wa mumpingo anandilangiza mwachikondi kuti ndizichitira zimenezi m'nyumba. Ndinakana. Chinthu chochitira m'nyumba chitseko chili chotseka ndicho chimafuna kufotokozedwa. Ine ndinasunthira mphasa kutsogolo kwenikweni, pamene aliyense wopita kumsika akanationa bwino, ndipo amene anaima nthawi yaitali ndinkamupatsa mpando.

Pang'onopang'ono madzi anayamba kudekha. Linafika tsiku limene ndinaweramira m'mbalemo n'kuona masamba a mango ali phee, tsamba lililonse ndi m'mphepete mwake, mzere umodzi. Ndinaitana, ndinafunsa, ndinamenya lata. Masambawo sanasunthe.

Alamu anafika masana ena, kutatsala tsiku limodzi kuti tinyamuke. Anabwera pa njinga yamoto yahayala, mwini wake akuyendetsa. Anatipeza tili pakati pa phunziro. Ndinali nditangonena kuti "gwirani" pamene njingayo inaima pabwalo.

"Achemwali!" anaitana asanatsike n'komwe.

Akazi anga ndi amene anawabereka kumsana alamu angawo ali khanda, ndipo chibadwire sanalekepo kuwayankha. Ndinayang'ana m'mbale. Madzi anali phee.

"Achemwali, dzukani. Tengani chitenje china ndi bulangeti, tizipita kusanade."

Ine ndinaika mtengo uja pansi. Sindinanene mawu alionse, ndipo ndikufuna zimenezi zimveke bwino, chifukwa ena amati ndinawatseka pakamwa ndi mankhwala. Nthawi yogwira mpweya inali itatha kale. Ndinaona mphuno zawo zikutulutsa mpweya pang'onopang'ono, n'kukokanso wina, mwakachetechete, mbale ikukwera ndi kutsika mosatayitsa dontho. Ankapuma. Akanafuna kuyankha akanayankha. Maso awo anali kudenga la udzu.

"Achemwali, ndine ndikuyankhula. Simukundimva?"

Chete.

"Alamu, mwawadyetsa chiyani?"

"Afunseni eni ake," ndinatero. "Ali pomwepa."

Anagwada pambali pa mphasa, nawatchula dzina la paubwana limene ine sindiloledwa kulitchula. Apo madzi ananjenjemera pang'ono, ngati mwagwera kachitsotso, kenaka n'kudekhanso. Misozi inatsikira m'makutu mwawo, koma milomo sinatseguke.

Woyendetsa njinga uja, amene anali atazimitsa injini, anati, "Akuluakulu, ine ndili ndi anthu ena ondidikira. Odwalawo akukwera kapena sakukwera? Chifukwa mmene ndikuonera ine, sakukwera."

Alamu anaimirira, nasasa fumbi m'maondo. "Chabwino. Pitani nawoni kwa makina anuwo. Koma zikakavuta kumeneko, musadzanditumizire uthenga. Mudzaika nokha."

Amene akudziwa mwambo wathu akudziwa kulemera kwa mawu amenewo, pakuti maliro a mkazi sayenda popanda mwini mbumba. Ndinayankha kuti ndamva. Njinga italowa mumsewu, akazi anga anadzuka mwadzidzidzi, mbale ija n'kugwa, n'kusweka pakati. Anaweramitsa mutu.

"Mwana wa mayi anga," anatero. Kenaka anapukuta kumaso ndi chitenje. "Mwaimiranji? Katengeni mbale ina. Sitinamalize."

Ku Blantyre, asanalowe m'chipinda chija, anapinda maondo pamaso pa woyendetsa makina yemwe uja.

"Bambo, lero sindikuyankhani. Musati ndi mwano."

"Kundiyankha? Kodi ulendo uja munkandiyankha?"

"Mawu alionse."

Bamboyo anagwira m'mutu. Anati makina akayamba kugunda iye samva kanthu kuchokera m'katimo, amangoona mimba ikusuntha. Anayamba kuseka, koma anasiya msanga, ndipo ndinamuona akuyang'ana amayi ena achikulire amene anakhala pabenchi kudikira nthawi yawo.

Ndinakhalanso panja ndi nsapato m'manja, chigayo chija chikugunda. Chitseko chitatseguka, akazi anga anatuluka tsitsi lili nyankhalala, napita molunjika kwa bambo uja.

"Chabwino, ndakoka, ndagwira, sindisuntha, ndamva, ndagwiranso, zikomo bambo," anatero mpweya umodzi. "Ngati ndasiyako ena mundikhululukire."

Chithunzi cha tsiku limenelo ndili nacho mpaka lero. M'mphepete mwa chiwindi muli mzere umodzi, wakuthwa ngati wolembedwa ndi rula. Chotupa chikuoneka chokha, chozungulira, malire ake osakayikitsa. Dokotala anachiyerekeza ndi zithunzi zina za tsiku lomwelo, nayeza zimene amayeza, kenaka anatembenuka.

"Madzi akuyenda momasuka. Si minibasi, bambo, ndi bwalo. Ndi kamfundo ka mitsempha ya magazi, ndipo anthu ena amakhala nako moyo wawo wonse osadziwa. Si khansa."

Sikuti zonse zinali bwino ayi. Anati chiwindicho chili ndi zipsera za likodzo lakalekale, la m'mitsinje imene akazi anga anachapamo ndi kuwolokamo chiyambire ubwana, ndipo limeneli ndilo liyenera kuthiridwa mankhwala ndi kumayang'aniridwa. Anamwa mankhwalawo. Thupi linabwerera, ngakhale silinafike pakale. Amapitabe kukaunikidwa kuchipatala cha kuno, ndipo m'kwaya akadali iwo omaliza kutseka pakamwa.

Chithunzi chabwinocho ndinapita nacho kwa alamu anga ndekha. Anakana kuchikweza kudzuwa. Anati mneneri anapemphera ali komweko, ndipo n'chifukwa chake wobisala uja anathawa. Sindinatsutsane nawo pa za mapemphero, pakuti nanenso ndinapemphera. Ndinangoti wobisalayo anali mawu akuti "ndagwira, bambo," ndipo sanathawe, anangodikira panja. Achemwali awo amawayankha tsopano monga kale akakumana kumaliro kapena kutchalitchi. Ine sandipatsa moni.

Ndaona kuti anthu amakonda chithunzi choyamba. Palibe amene anabwerapo kudzapempha kuona chachiwiri, ngakhale ndimachisunga pafupi ndi chitseko. Amene akufuna abwere masana, dzuwa lili bwino, ndipo asambe m'manja.

Kwatsala bodza limodzi, lakuti ndinagulitsa munda wa mbumba kuti ndilipire makina. Munda uli pomwe unali, ndipo chaka chino muli chinangwa. Zimene zinapita ndi izi:

Malata onse a denga, kupatula lopindika lija.

Mbuzi yaikazi ndi ana ake, za kujambula kwachiwiri.

Chapa kuchokera ku Mongue kukafika ku Milange, njinga zowolotsa pamalire, ndi minibasi ya ku Blantyre, anthu awiri, kupita ndi kubwera, maulendo onse awiri.

Zimene anadyapo osintha ndalama pamalire.

Chipinda chogona pafupi ndi chipatala, ndi tiyi amene akazi anga anamwa atatuluka m'makina.

Khoma la kum'mawa la nyumba ya njerwa, limene linagwa ndi mvula chifukwa chokhala dzinja lina popanda denga.

Buluku limodzi, limene silinachokenso banga.

Moni wa alamu anga.

Mbale imodzi yadothi.